Kalasi ya m'foni: chimakhutiritsa ophunzira a m'mayunivesite n'chiyani?

Nthawi ili cha m'ma 5 koloko madzulo. Pakhonde la malo ometera tsitsi, pa msika wina wa m'mbali mwa msewu wa M1, pakhala mtsikana amene sadabwere kudzameta.

Kope lili pamiyendo, cholembera chili m'kamwa. Foni yake ili pawindo, yalumikizidwa ku chingwe chochokera m'kati, momwe mafoni ena ambiri akutchajidwa pa batire ya sola. Chingwecho n'chachifupi, choncho wapendeketsa khosi kuti kachomvera kasathothoke m'khutu.

Khutu limodzi likumva mphunzitsi wa ku yunivesite. Linalo likumva chigayo, njinga zamoto za kabaza ndi nyimbo za m'shopu yoyandikana nayo.

Mawu a mphunzitsi aduka. Abwera. Adukanso.

Mtsikanayo akweza foni m'mwamba mpaka pomwe chingwe chalekezera. Pamene mawu akubwerera, mphunzitsi wafika kale pa mutu wina, ndipo akufunsa funso limene aliyense wophunzira pa intaneti amalidziwa: mukundimva?

Palibe woyankha. Ena atseka pakamwa pa mafoni awo kuti phokoso la kwawo lisamveke. Ena netiweki yawataya kalekale.

Imeneyi ndi kalasi. Fizi yake ndi yeniyeni, mayeso ake ndi enieni, ndipo amene adzalephere adzalephera zenizeni.

Amalawi ambiri adayamba kumva za kalasi zotere mu 2020. Pa 20 March chaka chimenecho, mtsogoleri wa dziko lino pa nthawiyo, Peter Mutharika, adalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo pa 23 March sukulu zonse zidatsekedwa, kuyambira pulayimale mpaka yunivesite. Matendawo anali asadapezeke ndi munthu aliyense m'dziko muno. Oyamba adapezeka nawo pa 2 April.

Ophunzira adalongedza zikwama nkubwerera kwawo, poganiza kuti ndi nkhani ya masabata ochepa. Sukulu zidayamba kutsegulidwa pang'onopang'ono mu September, ndipo mu January 2021 mliri utabweranso ndi ukali, zidatsekedwanso.

M'miyezi imeneyo, aphunzitsi amene moyo wawo wonse adazolowera bolodi ndi choko adauzidwa kuti aphunzitse pa Zoom, pa Google Classroom ndi pa Moodle. Ambiri sadakonzekere. Ophunzira nawo sadakonzekere. Zidali zongopulumutsa chaka kuti chisawonongeke.

Koma kuphunzira uli kutali ndi mphunzitsi sikudayambe ndi Covid-19. Mu 1965 boma lidatsegula Malawi Correspondence College, imene pambuyo pake idakhala Malawi College of Distance Education, ndipo makolo ambiri a ophunzira a lero adapeza masatifiketi awo kudzera m'makalata ndi pa wailesi. Koleji ya Domasi yaphunzitsa aphunzitsi ambiri a sekondale ali pantchito. Yunivesite ya Mzuzu ili ndi malo ophunzirira ku Karonga, Lilongwe, Balaka ndi Mulanje. Yunivesite ya LUANAR nayo ili ndi maphunziro a mtundu umenewu, otchedwa ODeL. Kuyambira 2018, ndondomeko ya SHEAMA, yothandizidwa ndi boma la America pamodzi ndi Arizona State University, idathandiza mayunivesite aboma kukonza maphunziro oterewa.

Chifukwa chake n'chodziwika. Chaka ndi chaka, bungwe la National Council for Higher Education (NCHE) likatulutsa mayina a osankhidwa kupita ku mayunivesite aboma, achinyamata zikwizikwi amene adakhoza bwino MSCE amatsala. Malo ogona ndi ochepa, zipinda zophunzirira n'zochepa. Intaneti ndiyo khomo limene lingakule msanga kuposa njerwa ndi simenti.

Ndiye funso silinso lakuti tiphunzire pa intaneti kapena ayi. Tikuphunzira kale. Funso ndi lakuti, amene akuphunzirawo akukhutira?

Mukacheza ndi ophunzira, dandaulo loyamba limakhala magetsi.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse amakhala m'midzi, ndipo mabanja pafupifupi 11 okha pa 100 ndiwo ankaunikira magetsi. Kuchokera nthawi imeneyo mawaya afika m'madera ena ndipo masola achuluka, koma wophunzira wa kumudzi akadali kuyenda ulendo kukatchajitsa foni, kulipira, nkudikira. Batire ikatha pakati pa phunziro, phunzirolo lathera pomwepo.

Wa m'tauni naye sagona tulo. Mu January 2022 namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130. Kwa nthawi yoposa chaka, magetsi ankathima maola ambiri pa tsiku. Wophunzira wa ku Ndirande kapena ku Kawale ankalemba asayimenti maso ali pa kachizindikiro ka batire.

Lachiwiri ndi bandulo.

Ola limodzi la Zoom, kanema ali woyatsa, limatha kudya theka la gigabayiti kapena kuposerapo. Wophunzira wa makosi asanu kapena asanu ndi limodzi awerengere yekha pa sabata. Pa mtengo wa data pali misonkho, kuphatikizapo wa 10 peresenti umene udayamba mu 2015. Mu 2020 anthu adafuula pa masamba a mchezo kuti mitengo itsike, ndipo makampani a mafoni adatsitsako ina. Komabe m'banja limene ndalama ya ufa ndi ya bandulo zimachokera m'thumba limodzi, aliyense akudziwa chimene chimayamba.

Mafoni ndi malaputopu timagula kunja. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ngakhale laputopu ya kaunjika idakwera mtengo. Ophunzira ambiri amawerenga buku lonse pa kagalasi kong'aluka ka foni, ndipo ena amalemba asayimenti ya masamba khumi ndi zala ziwiri zazikulu.

M'makampasi zinthu zasinthako. Bungwe la MAREN, limene limalumikiza mayunivesite ku intaneti, lidafikitsa Wi-Fi m'sukulu zambiri mothandizidwa ndi pulojekiti ya Digital Malawi ya ndalama za World Bank. Usiku mudzawaona ophunzira atatsamira khoma la laibulale, nkhope zikuwala ndi mafoni, udzudzu ukuwadya miyendo.

Koma Wi-Fi imathera pa mpanda.

Starlink idafika m'dziko muno mu 2023, ndipo imagwira ngakhale kumene nsanja za mafoni kulibe, koma mtengo wake si wa wophunzira wodikira ngongole.

Zonsezi n'zoona, ndipo zimanenedwa pa msonkhano uliwonse. Vuto lake n'lakuti zikanenedwa, anthu amadzuka nkumapita, ngati kuti nkhani yatha. Netiweki yasanduka posungira zolakwa zonse.

Chezani ndi ophunzirawo pang'ono ndithu, dandaulo la bandulo likatha. Afunseni kosi imene adaikonda ndi imene adadana nayo. Mudzapeza kuti makosi onse awiri adawaphunzira pa foni imodzimodzi, pa netiweki imodzimodzi, pa batire imodzimodzi.

Chosiyana chidali mphunzitsi.

Pali mphunzitsi amene amaponya manotsi a masamba 60 pa Moodle Lolemba m'mawa nkusowa. Ukafunsa funso, uthenga umaonetsa kuti wawerengedwa, yankho osabwera. Asayimenti imapita mu sabata yachitatu ndipo malikisi amabwera mayeso atadutsa, nambala yokhayokha, popanda liwu limodzi losonyeza pamene unalakwitsa. Wophunzira wa m'kalasi yamaso akhoza kumudikira mphunzitsi wotere pakhomo la ofesi. Wa pa intaneti alibe khomo logogoda.

Pali winanso amene amadziwa kuti ophunzira ake ambiri sangakwanitse Zoom. Amajambula mawu ake kwa mphindi khumi, kafayilo kopepuka, nkutumiza pa gulu la WhatsApp. Amanena kuti mafunso ndimayankha Lachiwiri ndi Lachisanu madzulo, ndipo amayankhadi. Akaona kuti wina wasowa masabata awiri, amafunsa anzake kuti kodi uja ali bwino. Asayimenti ikabwerera, imakhala ndi mizere itatu yonena chimene chakoma ndi chimene chapotoka.

Mphunzitsi wachiwiriyu sadawonjezere nsanja ya netiweki ngakhale imodzi. Koma ophunzira ake amamutchula ndi chimwemwe patapita zaka.

Akatswiri adaziona kalekale izi. Mu 1989, Michael Moore, mphunzitsi wa pa Pennsylvania State University ku America, adalemba kuti wophunzira wa kutali amafuna kukumana ndi zinthu zitatu: phunziro lenilenilo, mphunzitsi wake ndi ophunzira anzake. Adaphunzitsanso kuti mtunda wovutitsa wophunzira si wa makilomita, koma umene umakula pamene kukambirana kwachepa. Wa ku Chitipa amene akuyankhidwa ali pafupi ndi yunivesite kuposa wa ku Chinamwali, pafupi ndi kampasi, amene uthenga wake wagona masabata atatu.

Ine ndikuona kuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene timapathawa chifukwa pamakhudza anthu osati mawaya.

Tisawaponyere miyala aphunzitsi osawamvera mbali yawo. Makalasi a chaka choyamba amakhala ndi anthu mazanamazana. Mphunzitsi mmodzi amaphunzitsa a masana, a madzulo, a kumapeto kwa sabata ndi a ODeL, kwinaku akuyembekezeka kuchita kafukufuku. Ambiri amagula bandulo ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Magetsi akathima kwa wophunzira, kwa mphunzitsinso amakhala athima. Ndipo kuphunzitsa anthu amene sukuwaona ndi luso lapadera, losiyana ndi kuima kutsogolo kwa kalasi, pomwe nkhope zimakuuza zokha kuti apa sitidamve.

Yunivesite imene imalemba ophunzira a pa intaneti ambiri koma osawonjezera aphunzitsi, osawaphunzitsa lusoli, osawerengera maola amene amathera poyankha mauthenga, ndiyo imabala chete amene ophunzira akudandaula nayeyo. Fizi yalowa, koma woyankha palibe.

Chinanso chimene ophunzira amachitchula kawirikawiri ndi chisokonezo.

Kosi ina ili pa Moodle, ina pa Google Classroom, ina pa imelo, ina pa WhatsApp. Nthawi ya kalasi yasintha, koma uthenga wapita ku gulu limene theka la kalasi mulibe. Linki yatumizidwa kutatsala mphindi zisanu, wophunzira ali kumunda kapena ali pa mzere ku chipatala. Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, ndipo polowanso ena amatsalira panja. Tsiku lomaliza kupereka asayimenti lafika, tsamba la yunivesite lakana kutseguka chifukwa aliyense akulowa nthawi imodzi.

Munthu amapirira umphawi wa zipangizo. Chimene chimamufooketsa ndi kusadziwa chimene chichitike mawa.

Kosi yokonzedwa bwino imaoneka kuyambira tsiku loyamba. Wophunzira amadziwa mitu ya semesita yonse, masiku a mayeso, ndi kumene chinthu chilichonse chili. Akatero amatha kukonza ulendo umodzi wopita kumene netiweki imagwira, nkutsitsa zonse za masabata awiri, nkukawerengera kunyumba. Moodle, imene Martin Dougiamas wa ku Australia adaitulutsa mu 2002 ndipo ndi yaulere, ili ndi pulogalamu ya pafoni yolola munthu kutsitsa phunziro nkumawerenga popanda intaneti. Ophunzira ambiri sadauzidwepo zimenezi.

Mabandulo a usiku amatsika mtengo, ndiye ophunzira ambiri amatsitsa zinthu pakati pa usiku. Mphunzitsi amene amajambula phunziro lake nkulisiya kuti alipeze nthawi iliyonse wawathandiza onsewa. Amene amaumirira kuti aliyense akhalepo 10 koloko m'mawa, nkulemba mayina a ojomba, akulanga anthu chifukwa cha kumene amakhala.

Pali ena amene sitiwakumbukira n'komwe. Wophunzira wosaona amadalira pulogalamu yomuwerengera mawu, ndipo pulogalamuyo singawerenge manotsi ojambulidwa ngati chithunzi. Wosamva sapindula ndi uthenga wa mawu ngati palibe zolembedwa. Pokonza kosi, awa amakumbukiridwa pomaliza, akakumbukiridwa n'komwe.

Nanga anzake a wophunzira?

Ku yunivesite munthu saphunzira kwa mphunzitsi yekha. Amaphunzira pa mzere wa chakudya, pansi pa mtengo, m'chipinda cha hositelo usiku wa mayeso, pamene mnzake amamufotokozera m'Chichewa kapena m'Chitumbuka zimene mphunzitsi adanena m'Chingerezi chothamanga. Akuluakulu adati nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi. Wophunzira wa pa intaneti amakhala yekha nthawi zambiri, ndipo akakakamira pa funso limodzi amayamba kuganiza kuti mbuli ndi iye yekha.

Apa ndi pamene gulu la WhatsApp lapulumutsa anthu ambiri. Bandulo yake ndi yotsika mtengo, imagwira ngakhale netiweki ili yofooka, ndipo aliyense amaidziwa. M'magulu amenewa mumadutsa manotsi, mapepala a mayeso akale, mauthenga a maliro ndi zopereka zake, nthabwala, ndi chilimbikitso cha pakati pa usiku. Kalasi repu wabwino, amene amakumbutsa anzake masiku ndi kutumiziranso amene adaphonya, amagwira ntchito imene yunivesite ikadayenera kulembera munthu.

Amene amakumana maso ndi maso kwa masabata angapo kumayambiriro kwa semesita, monga zimakhalira m'maphunziro ambiri a ODeL, amapirira kwambiri. Amadziwa nkhope ya amene akumulembera. Sachita manyazi kufunsa.

Palinso maphunziro amene foni singawanyamule. Wophunzira unamwino ku yunivesite ya KUHeS ayenera kugwira mkono wa wodwala m'wodi ku Queen Elizabeth kapena ku Kamuzu Central. Wa zaulimi ku Bunda ayenera kulowa m'khola ndi kufukula dothi. Injiniya wa ku MUBAS kapena ku MUST ayenera kugwira makina ndi kuyesa zinthu mu labotale. Kanema amathandiza kukonzekera, koma wophunzira amene wamaliza kosi yotere osagwirapo chida amadziwa yekha kuti wapatsidwa theka, ndipo mantha ake amapita nawo kuntchito.

Tsono pali chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Pakati pa madandaulo onsewa, pali ophunzira amene amayamikira maphunziro a pa intaneti ndi mtima wonse.

Ndi mphunzitsi wa pulayimale amene akufuna digiri koma sangasiye ntchito. Ndi namwino wogwira mashifiti. Ndi wapolisi amene amasamutsidwa chaka chilichonse. Ndi mayi wa ana atatu amene sangakakhale ku hositelo zaka zinayi. Kwa iwowa, kusankha sikudali pakati pa foni ndi kalasi yamaso. Kudali pakati pa foni ndi kukhala osaphunzira.

Amakumana ndi netiweki yomweyo, koma adasankha okha, amadziwa chimene akufuna, ndipo ambiri ali ndi malipiro ogulira bandulo. Adazoloweranso kudzilamulira pa nthawi.

Mnyamata wa zaka 18 amene wangochoka ku sekondale yoyendera ali pena. Mwina kompyuta adaigwirapo kamodzi kapena sadaigwirepo. Kusekondale belu ndi limene linkamuuza nthawi yowerenga. Lero akuuzidwa kuti alowe pa tsamba, asinthe pasiwedi, atumize fayilo ya PDF. Akalephera amachita manyazi kunena, ndipo amangozimirira. Sabata imodzi yomuphunzitsa zinthu zimenezi, atagwira foni yake m'manja, ingamusunge pa sukulu.

Mtsikana wophunzirira pakhomo ali ndi mtolo wina. Kwa ambiri a m'banja, munthu amene wakhala pansi ndi foni sakuchita kanthu. Amatumidwa kumjigo, kumsika, kukaphika, kukalera mwana wa achemwali. Mchimwene wake akagwira foni yomweyo amati akuwerenga. Kampasi, ndi mavuto ake onse, imam'patsa mtsikana chinthu chimene kunyumba sachipeza: maola amene ali akeake. Makolo amene ali ndi mwana wophunzira pa intaneti ayenera kudziwa kuti nthawi ya kalasi ndi ya kalasi, ngakhale mwanayo ali pakhonde pawo pomwe.

Pamapeto pa zonse pali pepala. Wophunzira amafuna kudziwa kuti mayeso ake ndi achilungamo, kuti netiweki ikaduka pakati pa mayeso adzapatsidwa mpata wina, kuti amene akubera sakumuposa, kuti zotsatira zituluka pa nthawi yake, ndi kuti olemba ntchito sadzayang'ana digiri yake ndi diso lonyoza. Mphekesera yoti digiri ya pa intaneti ndi yopepuka imapweteka kwambiri amene adaivutikira usiku ndi usiku. Njira yoithetsera ndi imodzi: muyeso ukhale umodzi kwa onse, ndipo bungwe la NCHE liziyendera maphunziro amenewa ndi diso lomwelo limene limayendera ena.

Zina mwa zofunika zimadya ndalama zambiri ndipo zidzatenga zaka. Magetsi sadzafika mudzi uliwonse mawa. Koma zina zili pafupi. Ku South Africa mu 2020, mayunivesite adagwirizana ndi makampani a mafoni kuti masamba ophunzirira azitseguka osadya bandulo, ndipo ophunzira ambiri ankalandira data mwezi ndi mwezi. Bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA, makampani a mafoni ndi mayunivesite athu angathe kukhala pansi nkupanga mgwirizano wotere kukhala wokhazikika. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira liwerengere bandulo ndi laputopu ngati zinthu zimene wophunzira wa lero sangachite popanda izo.

Ndipo zina sizifuna ndalama ya World Bank n'komwe. Yunivesite iliyonse ingathe kulamula kuti funso la wophunzira liyankhidwe pasanathe masiku awiri kapena atatu, kuti asayimenti ibwerere ndi ndemanga mayeso asadafike, kuti phunziro lililonse la pa Zoom lijambulidwe ndi kusungidwa m'fayilo yopepuka, kuti makosi onse akhale pamalo amodzi, ndi kuti pakhale nambala ya foni imene wophunzira wokanika kulowa pa tsamba angaimbe nkupeza munthu. Ingathenso kuwerengera mphunzitsi maola amene amathera pa ntchito imeneyi ndi kumugulira bandulo.

Akuluakulu a mayunivesite, kumapeto kwa semesita ino afunseni ophunzira anu a pa intaneti, osalemba mayina, kuti adadikira masiku angati asadayankhidwe, ndi makosi ati adawasiya okha, ndi mphunzitsi uti adawagwira dzanja. Mayankho awo muwawerenge pa msonkhano wa seneti, ndipo semesita yamawa muwauze ophunzirawo zimene mwasintha.